Tambala wa Che Alufandika

Mbedza, Zomba
6 Meyi 2024

Achemwali anga a Tabu,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tilipo: ine, alamu anu a Judith, ndi mwana wanu Amira, amene msinkhu unaima koma pakamwa pakukulabe. Popeza foni yanu ija anakuberani, ndabwerera ku cholembera, ndipo kalatayi ndipatsira a Ronnie oyendetsa basi.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo. Ndadya tambala wa eni.

Loweruka masana kunafika bambo wina wachikulire, wovala mkanjo woyera ndi jekete pamwamba, tambala wofiira ali m'khwapa. Anati iwo ndi Che Alufandika, achokera ku Chingale. Ine ndinayesa ndi mmodzi wa abale a malemu bambo athu aja amene amatumphuka chaka ndi chaka ngati bowa. Ndinawalandira, tambalanso ndinamulandira ndi manja awiri. A Judith anandikokera kukhitchini, n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, tambala womangidwa miyendo ndi nsalu yoyera yatsopano si ndiwo ayi. Tafunsani kaye." Ine ndinati, "Mayi, zaka zinayi ndinakhala pa koleji. Nkhuku ndimaidziwa." Ndinanola mpeni, ndinatchula dzina la Mulungu, basi.

Mlendo ndinamugawira ntchafu. Anadya, anasamba m'manja, kenako anati, "Zikomo, Che Fadili. Banja lofulumira chonchi sindinalionepo. Ena amayamba afunsa kaye za mwamunayo. Tsono msoti wathu uli kuti, ndipo tsiku tiike liti?"

Ndinaika fupa pansi n'kufunsa kuti msoti wake uti.

Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana. Iwo ndi amalume ake a Che Shafik, aja a sitolo ya nsalu pa Songani. Tambalayo anali wa chinkhoswe. Akuti inu munavomera kale kuti Che Shafik akwatire Melissa, kunangotsala kuti ine mwini mbumba ndilandire tambala ndi kubweza msoti. Ndiye ine sindinangolandira. Ndinathirako ndi tomato.

Achemwali, Melissa wake uti? Mwana wanu wamng'ono uja wa Fomu 1, wa zaka khumi ndi zisanu, amene mwezi wathawu ndinamupeza akusewera fulaye kwa amayi ake aakulu ku Songani? Ndiuzeni kuti mkuluyu wasochera nyumba.

Che Alufandika akuti kwawo sangabwerere chimanjamanja. Anachoka ndi nkhuku, ayenera kukafika ndi nkhuku: msoti ngati tavomera, tambala wawo ngati takana. Tambalayo ali m'mimba mwathu. Choncho tawayalira pabalaza, ndipo wailesi yanga aizolowera kale.

Amira sakudziwa kanthu. Loweruka anali kuphiri. Mwina simunamve: chilembereni mayeso a Fomu 4, podikira za kuyunivesite, wasonkhanitsa atsikana asanu ndi awiri amene anasiya sukulu, ena ogulitsa masitiroberi mumsewu wa ku Chawe, ena otsika phiri ndi mitolo ya nkhuni. Amawaphunzitsa pakhonde pathu, kenako n'kumakagogoda kwa ahedi kuti awalandirenso. Atatu abwerera kale m'kalasi. Mwana wotere ndimuuze bwanji kuti mng'ono wake ndamupereka chifukwa cha msuzi? Ndamunamiza kuti mlendoyu wabwera kuchipatala.

Yankhani msanga.

Mlongo wanu,
Fadili


Mayfair, Joni
21 Epulo 2024

Achimwene a Fadili,

Salaam aleikum. Ine ndilipo, koma miyendo ikutupa ndi kuimirira pantchito. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndikulemba kuti mudziwiretu. Kubwera mlendo ndi tambala. Tambalayo musamuphe, ndimakudziwani inu ndi nkhuku. Mumusunge, mugule msoti wabwino muwapatse. Ndi za ukwati wa Melissa ndi Che Shafik. Iwo akufuna Idi ikangodutsa.

Musandiweruze. Achemwali athu aakulu maso akuwavuta, sangathe kumuyang'anira mwanayo. Sukulu ili kutali, ndipo ndamva kuti anyamata a kabaza amamunyamula ulere. Ulere wa kabaza tonse timadziwa kumene umathera. Anzake awiri ali ndi mimba kale. Ine ndili kuno, manja anga safika kumeneko. Che Shafik ndi munthu wopemphera, ali ndi nyumba ya malata, akazi awo anamwalira. Bola akwatiwe mwaulemu kusiyana n'kudzabereka mwana wopanda bambo.

Chinthu chimodzi chokha: Amira musamuuze mpaka zonse zitatha. Mwana uja ali ndi mutu wouma.

Mukapeza mpunga wa kilombero mundipatsireko a Ronnie.

Ndine,
Tabu


Mbedza, Zomba
13 Meyi 2024

Achemwali,

Salaam aleikum. Kalata yanu ya pa 21 Epulo yafika Lachinayi, patatha masiku asanu tambala ataikidwa m'manda. A Ronnie akuti inagwera kuseri kwa mpando wa basi, moti yawoloka Zambezi katatu yopanda chiphaso. Chenjezo lanu ndi labwino, ndaliyamikira.

Tsono imvani tchimo lachiwiri. Che Alufandika anakhalira magalasi anga pasofa. Kalata itafika, iwo ali kumzikiti, ndinaitana Amira kuti andiwerengere. Anawerenga ndi mawu omveka bwino, osalumpha kanthu. Atafika paja pakuti "Amira musamuuze," anawerenganso bwinobwino, mpaka mutu wouma, mpaka mpunga. Kenako anapinda kalatayo n'kuiika patebulo.

"Amalume, tambala uja ndi amene munadya?"

"Tinadya tonse, mwanangu. Iwenso tinakusungira phiko."

"Phiko langalo ndikhoza kubweza. Inu mubweza chiyani?"

Ndinayamba kumufotokozera za ulemu wa mlendo, za mawu a mayi, za kusathamangira zinthu, ndi mawu ena aakuluakulu amene ndinawabweretsa kuchokera ku koleji. Anandidikira mpaka nditatha mpweya.

"Amalume, munandiphunzitsa ndinu kuti munthu akachulutsa mawu ndiye kuti akuopa. Lamulo mukulidziwa, mwana wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sakwatiwa. Ndikapita ku ofesi yoona za ana, dzina loyamba kulembedwa likhala lanu, lachiwiri la amayi anga. Sindikufuna kukafika kumeneko. Koma Melissa sakwatiwa ine ndili moyo."

Amira maso sanagwetse pansi, achemwali.

Lachisanu m'mawa anakwera minibasi ya ku Songani. Masana anabwera ndi Melissa, mabuku ali m'thumba la feteleza. Lero wapita naye kwa ahedi a sukulu yoyendera ya kufupi kuno, anakhala pabenchi maola atatu mpaka anamupatsa malo. Ahedi a m'Zomba muno akamva nsapato za Amira amayamba kufunafuna chidindo.

Ndiye onani mmene zilili m'nyumba mwanga. Nkhoswe ikugona pabalaza, mkwatibwi akugona kuchipinda kwa Amira, ndipo m'mawa uliwonse azidutsana pakhomo. Mwayi wake, Che Alufandika sanamuonepo Melissa nkhope. Akumuyesa mmodzi wa atsikana a pakhonde aja, ndipo onse amangowaitana kuti "mwanangu." A Judith alamula kuti dzina la mwanayo lisatchulidwe pabalaza.

Mukandifunsa kuti ine ndaima pati, ndikuuzani zoona. Sindinavomere, sindinakane. Mlendo akafunsa za msoti ndimatsokomola.

Mpunga ndapatsira. Kalata ya Amira ili momwemu.

Fadili


Mbedza
13 Meyi 2024

Amayi anga okondedwa,

Salaam aleikum. Pepani ndi miyendo. Ndikudziwa kuti ikutupa chifukwa cha ife, ndipo sindiiwala.

Kalata yanu ndawerenga ndine. Amalume musawadzudzule, analibe magalasi.

Amayi, zimene mukuopazo ndi zoona. A kabaza alipodi. Koma Melissa ndamutenga, ali kuno. Sukulu yake tsopano ili pafupi, ndimamuperekeza ndekha ndi kukamutenganso. Wa kabaza amene akufuna kumunyamula ayambe wanyamula ine.

Mukuopa kuti angabereke ali mwana. Nanga kwa Che Shafik akabereka ali ndani? Pakhonde pano pamabwera mtsikana wina amene anakwatiwa ali ndi zaka za Melissa. Mwamuna wake analinso wopemphera, nyumba inalinso ya malata. Pano ali ndi ana awiri, mwamunayo anakwatira wina, iye amatsika phiri ndi nkhuni pamutu mwana ali kumbuyo. Akagwira cholembera dzanja limanjenjemera chifukwa cha mtolo. Koma amabwerabe.

Kodi munamufunsa Melissa? Ine ndamufunsa. Anangokumbatira thumba la mabuku mpaka tinafika m'tauni. Teremu yatha masamu anali nambala 2. Palibe anakuuzani zimenezi, anthu anangokuuzani za kabaza.

Ndinauza amalume kuti zikakanika ndipita ku boma. Ndikukuuzaninso inu ndekha, kuti musamvere kwa ena. Mukandikwiyira ndipirira. Mukati si ine mwana wanu ndilira, komabe ndipirira. Melissa yekha sindimubweza.

Mwana wanu wa mutu wouma,
Amira


Mayfair, Joni
26 Meyi 2024

A Fadili,

Makalata onse atatu afika pamodzi. Ndinawerengera m'bafa kuti abwana asandione ndikulira.

Inu koleji inakuphunzitsani chiyani? Kudya? Ndinakupemphani zinthu ziwiri zokha, zonse mwaziphonya. Che Shafik aimbira foni mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, akufunsa ngati banja lathu limasewera ndi anthu. Ndiyankhe chiyani?

Iwe Amira, ndinakubereka ndine. Lero ukundiopseza ndi boma? Boma limenelo linali kuti pamene ndinkakuberekera kumbuyo ndikugulitsa mandasi pa Songani? Ukuganiza kuti ndimamuda mwana wanga? Iwe uli ndi mabuku, ine ndili ndi mantha, ndipo mantha anga sanandinamizepo.

Achimwene, mwini mbumba ndinu. Ngati mukukana, kanani mwamwambo ngati mwamuna, bwezani tambala wa eni. Ngati mukuvomera, perekani msoti. Kutsokomola si yankho. Koma mudziwe kuti mwanayo akadzatenga mimba ali m'nyumba mwanu, musadzandilembere kalata.

Mpunga wafika. Zikomo.

Tabu


Mbedza, Zomba
10 Juni 2024

Achemwali,

Salaam aleikum. Kalata yanu yandiwotcha zala, koma ndailandira. Kuno kwazizira, nkhungu ikutsika phiri mpaka pakhomo. Mlendo tamuwonjezera bulangete lachiwiri.

Ndinatsatira malangizo anu, kapena ndinene theka lake. Ndinapita kumsika kukagula tambala wofiira, ndinamuika pamapazi a Che Alufandika, n'kunena kuti, "Mwina mungamusungeko kaye uyu pamene tikuganizira." Anamutembenuza n'kuti, "Wanga anali ndi nthenga yoyera kumchira." Ndinagula wachiwiri, wa nthenga yoyera. Anamunyamula m'mwamba: "Wapepuka." Wachitatu anagona naye tsiku limodzi kuti amve kulira kwake. M'mawa anati, "Wanga ankalira ngati woitanira mapemphero. Uyu akulira ngati geti." Pano ndili ndi atambala atatu kuseri kwa nyumba, ndipo aneba asiya kundipatsa moni.

Zoseketsa zathera pamenepa.

Loweruka Amira anatenga tambala wachitatuyo osandiuza, anakwera naye minibasi ya ku Songani. A Judith anamutsatira, ndi amene andiuza zonse. Kunali anthu ambiri pamsika. Analowa m'sitolo ya Che Shafik, n'kuika tambala pakauntala, pamwamba pa nsalu.

"Che Shafik, mng'ono wanga ali pasukulu. Nayu tambala wanu."

Iwo anaseka. "Kuyambira liti mwana wamkazi kukhala nkhoswe? Kawauze amalume ako abwere okha, ngati ali ndi ndevu."

Anthu anadzaza pakhomo. Amayi ena anayamba kukuwa kuti ndi nsanje, wakhalira, mwamunayo akumufuna yekha. Wina anamuthira madzi otsukira nsomba, mpango wake woyera uja wonse bii. A Judith anamugwira dzanja kuti azipita. Iye anakana. Anatembenukira anthuwo n'kukweza mawu: "Dzina lake ndi Melissa. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ali Fomu 1. Amene mudzabwere kudzadya mpunga pa ukwati umenewu mudziwiretu kuti mukudyera mwana." Ananena kawiri, kachiwiri m'Chiyao, kuti wina asadzati sanamve. Kenako ananyamula tambala wake n'kutuluka, anthu akumupatukira.

Dzulo makolo awiri a kuphiri aletsa ana awo kubwera pakhonde pano, akuti Amira aphunzitsa atsikana mwano. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini akulira, akuchapa mpango. Nditayandikira anapukuta maso n'kunena kuti ndi sopo. Lero m'mawa, atamusiya Melissa kusukulu, wakwera phiri wapansi kukawapempha makolowo.

Ine ndinakaima pagalasi, achemwali. Ndevu ndili nazo.

Chinanso chimene sindikudziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Che Alufandika sadziwa kuwerenga, ndiye amene amawawerengera za pa mabotolo a mankhwala awo ndi Melissa. Iwo amusokera nsapato imene inang'ambika, ndipo madzulo amamufunsa masamu ndi nyemba patebulo, iye n'kumawagonjetsa. M'mawa akamatuluka amamuuza kuti, "Pita ukaphunzire, mwanangu, usadzakhale ngati ine wosaina ndi chala." Akatero amatembenukira kwa ine: "Tsono Che Fadili, za msoti zija?"

Melissa wapempha kuti alembeko pansipa.

Fadili

Amayi, ndine Melissa. Muli bwanji? Ine ndili bwino. Sukulu ya kuno ili ndi laibulale, amalola kubwereka buku sabata yathunthu. Ndikuphunzira za magazi mmene amayendera m'thupi. Aphunzitsi akuti miyendo ikamatupa muziikweza pa pilo mukamagona. Amayi, wa kabaza uja ndinakwera kawiri kokha, tsiku la mvula ndi tsiku limene ndinachedwa mayeso. Sindinachite naye kanthu. Ndikanakuuzani koma simunandifunse. Chonde ndisakwatiwe. Ndikulonjeza kuti sindidzakuchititsani manyazi. Mukabwera ndidzakuonetsani makope anga onse.


Mayfair, Joni
23 Juni 2024

Achimwene, Amira, Melissa,

Salaam aleikum. Miyendo ndikuikweza pa pilo. Zikuthandiza.

Mawu a Melissa ndawawerenga kambirimbiri mpaka pepala lafewa. Zoona, sindinamufunse. Inenso palibe anandifunsa.

Achimwene, mukukumbukira? Ndinali Sitandade 7. Masamu anu ndinkakuchitirani ndine. Kunabwera tambala kwathu, ndipo msoti wobweza munanyamula ndinu, muli kamnyamata, mukuseka chifukwa unakunyerani pa kabudula. Sabata yotsatira inu munapita kusukulu, ine ndinapita ku banja. Sindikukuimbani mlandu, munali mwana. Koma pamene ndinawerenga za Amira ali m'sitolo ndi tambala, madzi a nsomba akuyenderera, ndinakhala pansi m'khitchini ya abwana. Ndinaganiza kuti, ine bwenzi ndili kuti lero pakanapezeka munthu mmodzi wondinyamulira tambala?

Mantha sanathe. Koma ndaona kuti ndimafuna kumubisa mwana wanga m'dzenje lomwe ndinagweramo ine, chifukwa ndi dzenje lokhalo limene ndikulidziwa.

Kanani, achimwene. Nenani kuti mayi wake wakananso.

Amira, mutu wakowo unatengera ine, kungoti wanga anauphwanya msanga. Ndakutumizira mpango watsopano. Zikomo, mwanangu. Mawu ena ndidzanena pamaso.

Melissa, makopewo usunge.

Mayi wanu,
Tabu


Mbedza, Zomba
1 Julaye 2024

Achemwali anga,

Salaam aleikum. Kalata yanu yafika Loweruka, ndipo monga mwa chizolowezi cha makalata anu, yapeza nkhani itatha kale. Ulendo uno ndikuthokoza kuti inachedwa, chifukwa ikanafulumira ndikanabisala kumbuyo kwake.

Zinachitika Lachinayi madzulo, tikumwa tiyi pabalaza. Melissa anabwera ndi pepala la masamu, wapeza 88. Anathamangira kukawaonetsa Che Alufandika. Iwo analigwira mozondotsa, anamwetulira, n'kunena kuti, "Tandiwerengera lonse, mwanangu, kuyambira pamwamba penipeni."

Pamwamba penipeni pamakhala dzina. Mwanayo anayang'ana a Judith, a Judith anayang'ana ine, ine ndinayang'ana m'kapu. Amene anayankhula ndi Amira. "Werenga. Dzina lako si lobisa."

Anawerenga.

Che Alufandika anaika kapu pansi. "Melissa wake uti?"

"Yemweyo, agogo," anatero Amira. "Amene munabwerera msoti wake ndi ameneyu."

Mkuluyo anayang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka pa nsapato zimene anasoka yekha. Kuseri atambala ankakangana. Kenako anati, "Anandiuza kuti ndi namwali wamkulu, sukulu anasiya yekha." Anatembenukira kwa ine. "Che Fadili, ndatha masabata asanu ndi atatu pano. Atambala atatu mwandionetsa, koma mawu anu sindinawamve. Tambala sayankhula. Mwini mbumba akuti bwanji?"

Chifuwa chija chinabwera, achemwali, chinafika pakhosi penipeni. Ndinaona Amira akundiyang'ana, wavala mpango uja umene banga lake silinachoke. Ndinameza chifuwacho, ndinaimirira.

"Takana."

Zaka zinayi za koleji, mawu amene anagwira ntchito ndi amodzi okhawo.

"Basi," anatero iwo. "Ndimadikira amenewo. Ndipatseni tambala aliyense."

"Nanga nthenga yoyera? Nanga kulira?"

"Nkhuku ndi nkhuku, Che Fadili. Si munapita ku koleji inu?"

A Judith anaseka mpaka anakagwira khoma. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ndidzaimvanso pa maliro anga.

Kenako mkuluyo anamuitana Amira kuti akhale pafupi. Anati za ku Songani anazimva kumzikiti, koma sanadziwe kuti mwana wonenedwayo ndi amene amawawerengera mankhwala. Anati, "Mphwanga Shafik ndikamuuza ndekha, ndipo ndikamuuzira m'sitolo momwemo, anthu akumva, pamene anakunyozera iwe. Akafuna kukwatira ndikamupezera wamsinkhu wake." Anawonjeza motsitsa mawu kuti ku Chingale ali ndi mdzukulu amene anasiya sukulu chaka chatha atabereka. Amira sanawalole kumaliza, anali atatulutsa kale kope ndi cholembera, akufunsa dzina ndi kalasi. Mwa atsikana awiri a kuphiri aja mmodzi wabwerera pakhonde. Winayo makolo akukanabe, ndipo Amira akuti akweranso Loweruka.

Kalata yanu Amira anaiwerenga yekha kuchipinda. Anatuluka maso ali ofiira, atavala mpango watsopano. Sananene kuti ndi sopo.

Za msoti uja ndikukumbukira, achemwali. Kabudula anali wa khaki. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuisimba ngati nkhani yoseketsa, osafunsa kuti amene anatsala m'nyumba ankaseka kapena ayi. Pepani. Ndipo zikomo chifukwa cha masamu aja, ndi chifukwa chondibwereka mwana amene wandiphunzitsa ntchito ya ndevu. Melissa ayamba mayeso a teremu pakati pa mwezi uno. Akhala kuno mpaka Fomu 4, ndipo zimenezi ndanena osatsokomola.

Musaganize kuti mlendo ananyamuka pomwepo. Lachisanu anati munthu sayenda tsiku la mapemphero. Loweruka anati mkanjo sunaume. Lamulungu anati minibasi zimathamanga kwambiri. Lero m'mawa anayamba aperekeza Melissa mpaka pageti la sukulu, tambala ali m'khwapa, anamuuza mawu awo aja a chala, kenako tinatsikira kumsewu. Tili m'njira anakumbukira chipewa, tinabwerera. Titafikanso pamsewu anakumbukira mankhwala, tinabwereranso, ndipo a Judith poona tafika anatithiranso tiyi. Minibasi ziwiri anazikana, ina inadzaza, ina kondakitala anali wamwano.

Yachitatu anakwera. Anasankha tambala wolira ngati geti uja, akuti anamuzolowera. Minibasi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Che Fadili! Wina akadzabwera ndi nkhuku, muzifunsa kaye!" Tambala naye anatulutsa mutu pambali pawo n'kulira kamodzi. Ndinaima pamenepo dzanja lili m'mwamba mpaka anakhota kulowera ku Songani, ndipo ndinadikirabe pang'ono, kuopa kuti mwina aiwalanso china. Sanabwerere.

Mlongo wanu,
Fadili